Chipale cha mu Sepitembala

Ine ndine mkamwini pamudzi wina ku Chiosya. Ndikakhala pakhonde, odutsa amayamba ayang'ana dzanja langa lamanzere asanandipatse moni, chifukwa zala ziwiri palibe. Aliyense pamudzi pano ali ndi nkhani yake ya kumene zinapita, koma amene ndinaliko ndine.

Ndisanapite ku Joni ndinali tenanti pa esiteti ya fodya cha ku Kapondo. Anandichotsa kumeneko ndi alamu anga, a Fabiano, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga Naphiri. Iwo ndiwo anali mwini mbumba. Mwana akadwala, malire a munda akavuta, mtsikana akafunsiridwa, onse ankadikira mawu a a Fabiano, ngakhale mawuwo ankabwera pa foni kuchokera kutali. Anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, woseka mpaka kutsokomola. Chaka chimene anabwera kudzaona ana awo anandipeza m'chigafa ndikusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni.

"Alamu, fodya ameneyu akumalizani," anatero. "Tiyeni tipitire limodzi. Kumene ndimagwira ine timapanga chisanu, azungu n'kumalipira kuti aterereke."

Ndinkayesa ndi nthabwala zawo zija.

Basi inatitenga ku Lilongwe, n'kudutsa pa Dedza, Tete, Zimbabwe, mpaka Joni. Ine ndinati tafika, koma tinakweranso ina yolowera kummwera. Pa katauni kena kakang'ono pikapu ya kuntchito inatitenga n'kuyamba kukwera, ndipo inakwera mpaka makutu anga anatseka. Mitengo inatha. Kunatsala udzu waufupi, miyala ndi nkhosa. Pamwamba pamenepo, m'malire a South Africa ndi Lesotho, panali nyumba za alendo, damu, ndi mzere wa mapolo achitsulo okwera phiri. Mapolowo ankanyamula chingwe chokokera anthu pamwamba, kuti atsike akutsetsereka atamanga timatabwa kumapazi. Ife antchito tinkagona m'makontena kuseri kwa khitchini. Tsiku loyamba ndinatuluka magazi m'mphuno, ndipo kungonyamula paipi imodzi ndinkapuma ngati ndathamangitsidwa ndi galu.

Anthu kuno akamva za chipale chofewa, chija amachiona pa kanema, amaganiza kuti chimagwa ngati mvula ya mu Januwale, tsiku ndi tsiku. Ayi. Kumapiri kuja mvula imagwa miyezi yomweyi imene imagwa kwathu kuno. Ikafika Juni kumwamba kumayera mbee, popanda ngakhale kamtambo. Kuzizira kulipo, kokwana kuphulitsa paipi, koma madzi kumwambako kulibe. Kuti chipale chigwe pamafunika kuzizira ndi chinyezi zikumane, ndipo ziwirizi kumeneko zimangozembana.

Kuzizira kwenikweni kumachokera kunyanja ya kummwera, cha ku Cape Town, ndipo kumabwera m'magulumagulu. Gulu lisanafike kumayamba kuwomba mphepo yotentha, youma, yong'amba milomo. Ikaleka, mitambo imatulukira kummwera chakumadzulo. Koma ulendo wake ndi wautali, madzi ambiri imakhala itawataya kale pa mapiri a m'njira, ndiye kwa ife inkangofika ndi kachipale kochepa ngati ufa wotayikira pamphasa. Alamu ankati mwera umene umatizunza kuno mu Julaye ndi mchira chabe wa mphepo yomweyo, itatopa kale.

Mpake panali ntchito yathu. Chipale chambiri chimene alendo ankatererekapo tinkapanga tokha. Pampu inkakoka madzi m'damu, mapaipi n'kuwakweza phiri kukafika m'makina onga migolo ikuluikulu yokhala ndi fani m'kati. Makinawo ankapopera madzi m'mwamba ngati utsi, ndipo kukazizira mokwanira madziwo ankatsika ali oyera. Kukafunda pang'ono, kapena mpweya ukanyowa, ankatsika ali madzi omwewo, n'kuwononga ndi chimene tinapanga dzulo. Malo otsetserekawo anawaika mbali ya phiri yoyang'ana kummwera, kumene dzuwa la miyezi yozizira limafika mochedwa. Koma zonsezi zinkadalira damu, ndipo damu linkadalira mvula ya dzinja. Ine ndinathawa ulimi wodikira mvula, n'kukapeza bwana wa kumenekonso akukhalira kuyang'ana kumwamba.

Kapitawo wathu anali Ntate Sello, Msutu wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri, munthu wosalankhulalankhula. Tinkamvana m'Chingelezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chizulu. Tsiku loyamba limene ndinaona chipale chikugwa chokha kuchokera kumwamba, ndinatuluka panja n'kutambasula manja ngati mwana. Ntate anandiyang'ana ali pa pampu.

"Ichi n'cha alendo," anatero. "Chilipo china."

"Chotani?"

Analoza kummawa. "Chimachokera uko, kunyanja yofunda ya ku Durban. Nthawi zina gulu la mphepo yozizira limaduka kwa anzake, n'kutsala pamwamba pathu pano likungozungulira, osapita. Likamazungulira limakoka chinyezi cha kunyanja ija. Chikayamba sichidziwa kuleka. Ndipo chimakonda kubwera kuzizira kukutha, alendo atapita, anthu atavula majekete."

"Inu munachionapo?"

"Mng'ono wanga ankaweta nkhosa," anatero, n'kutembenukira ku pampu yake. 

Zaka ziwiri zoyamba zinayenda bwino. Alamu ankaima m'munsi mwa chingwe chija, kuthandiza ana a alendo kugwira chokokera, ndipo anawo ankawakonda chifukwa mwana akagwa iwo ankadzigwetsanso dala. Ndiwo anandiphunzitsa kuvala masokosi awiriawiri, kusagwira chitsulo ndi dzanja lonyowa, ndi kusayandikiza zala ku hita zikachita dzanzi. Lamulungu m'mawa ankaimba nyimbo za kwaya ya kwathu akuchapa, mawu awo n'kudzaza kontena yonse. Miyezi yotentha, alendo kulibe, tinkakonza msewu, mipanda ndi kupenta nyumba. Zimene ndinkatumiza kumudzi Naphiri anasamala, anaumba njerwa, anafolera ndi malata.

Foni m'munsimo sizinkagwira. Netiweki inkapezeka pamwamba penipeni. Ukadutsa polo lomaliza unkayenda kamtunda pa chidikha chopanda mtengo kapena chizindikiro, kukafika pa mwala wina waukulu umene antchito tinkautcha positi ofesi. Mbali ina ya chidikhacho kunali phompho. Lamulungu masana tinkakwera kumeneko, aliyense n'kupeza ngodya yake, msana kumphepo.

Ine ndinkatsika kumwalako ndikumwetulira. Alamu kawirikawiri ankatsika nkhope itagwa. Mkazi wawo, a Esinati, anali a kutsidya kwa malire, cha ku Chipata, ndipo anawatenga chitengwa kudzakhala nawo pamudzi pathu. Munthu wachitengwa, mwamuna ali kutali, amakhala ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Mng'ono wawo wa a Fabiano, a Damiano, ankafuna dimba limene a Esinati ankalima tomato ndi ana awo. Lero ati malire asuntha, mawa ati madzi a m'chitsime ndi a banja lonse. Nkhaniyo inkakwera phiri lija Lamulungu lililonse.

Chaka chachitatu mvula ya dzinja inavuta. Damu tinkaliona likutsika, m'mbali mwake matope atang'ambikang'ambika. Juni anafika wofunda. Magulu a mphepo yozizira ankadutsa kutali panyanja, osakhota kubwera kwa ife. Tinkangolandira mphepo yotentha ija, koma chimene imalosera osafika. Zimene tinakwanitsa kupanga zinali kamzere kamodzi koyera pa phiri lofiirira, ngati bandeji pa mwendo. Alendo ankabwera, kuyang'ana, kujambula, n'kutembenuza magalimoto. Bwana anaonda tikumuona. Ogasiti asanathe anatseka malowo, anthu n'kuuzidwa kuti azipita. Tinatsala awiri olondera ndi kumasula mapaipi, alamu ndi ine. Anatisiyira chakudya, dizilo wa jenereta, ndi wayilesi yolankhulirana naye ali kutauni ija ya m'munsi.

Ntate Sello anapita pomalizira. Atakwera kale pa hatchi yake, bulangete lili paphewa, anaweramira kwa ife.

"Majekete musawasunge msanga," anatero. "Chaka chouma chonchi ine sindichikhulupirira."

Sepitembala analowa bwinobwino. Timaluwa tinatuluka pakati pa miyala, kamzere koyera kaja kanasungunuka n'kusiya matope. Tinkagwira ntchito titavala malaya okha. Koma phiri lopanda anthu limaopsa. Chingwe chija chinkalira chokha ndi mphepo, ndipo nthawi zina ndinkatembenuka poganiza kuti wina wandiitana. Kenaka mphepo yotentha inayamba, ndipo inawomba masiku angapo osapuma, mpaka milomo yathu inatuluka magazi.

Lamulungu lotsatira tinadzuka kuli phee. Mphepo inali italeka. Chakumasana inayambanso, koma tsopano kuchokera kummawa, yonyowa, yonunkhira ngati mvula yoyamba. Nditayang'ana kuchigwa ndinaona mitambo ikukwera kuchokera pansi pathu, ngati utsi wa lupsa. Kutali, abusa a nkhosa ankatsitsa ziweto zawo mothamanga, ndipo agalu awo sankauwa.

Alamu anali akumanga zingwe za nsapato. Sabata yapitayo a Esinati anawauza kuti a Damiano alowa m'dimba muja ndi khasu, ndipo iwo analonjeza kuti aimbanso.

"Alamu, lero musapite," ndinatero. "Taonani kummawaku."

"Ndi nkhungu chabe iyo. Sepitembala uno? Ndikapanda kuimba, mlongo wanu uja aganiza kuti ndamutaya."

Ankanena a Esinati, paja mkazi wa mlamu wako ndi mlongo wako.

"Tengani jekete basi."

"Indiwotcha pokwera. Ikani madzi a tiyi, ndikubwera pompano."

Ndinawaona akukwera m'mbali mwa mapolo, juzi yawo yofiira ikucheperachepera. Madzi asanawire wayilesi inalira. Anali bwana.

"Muli m'nyumba nonse? Musatuluke. Azanyengo amati chipale chifika mawa, koma chafulumira. N'chachikulu. Mwandimva?"

"Fabiano wakwera kukaimba foni, bwana."

Bwana anati, "Mutsitseni. Pompano."

Potuluka panja ndinapeza chayamba kale. Sichinali chija chonga ufa. Chinali ngati thonje long'ambidwa, zidutswa zikuluzikulu, zonyowa, zolemera, zobwera cham'mbali. Ndinavala zanga zonse, jekete ya alamu ndinaimanga m'chiuno, ndinatenga sipanala yaikulu, n'kuyamba kukwera. Polo loyamba ndinaliona. Lachiwiri ndinaliona mwa chizimezime. Kupitirira apo ndinkayenda nditayang'ana chingwe pamwamba panga, mpaka nachonso chinasowa. Kumwamba ndi pansi zinasanduka chinthu chimodzi choyera. Sukudziwa ngati ukukwera kapena ukutsika. Ukaponya phazi sudziwa pamene likatere. Ndinkapeza polo pochita kuligunda ndi chifuwa.

Nditafika pa polo lomaliza chipale chinali chafika kale m'akakolo. Kutsogolo kwanga kunali chidikha chija, mwala mbali ina, phompho mbali ina, ndipo ine sindinkaona ngakhale bondo langa. Ndinakuwa, "Alamu! Alamu!" koma mawu ankathera pamilomo. Ndiye ndinayamba kumenya polo ndi sipanala. Ndinamenya ngati belu la tchalitchi, ndikusiya kuti ndimvetsere, n'kumenyanso. Golovesi ya kumanzere inanyowa n'kuyamba kuterera pa chitsulo, ndiye ndinaivula kuti ndigwire polo bwino, mphepo n'kuitenga. Ndinayesa kuchoka pa polo, masitepe ochepa chabe, ndipo nditatembenuka polo kunalibe. Ndinagwada n'kukwawa mozungulira mpaka mutu wanga unaligunda. Pamenepo ndinadziwa kuti ndikalisiyanso tifa awiri.

Ndinamenyabe mpaka mkono unakana. Kuwala kutayamba kuchepa ndinamangirira jekete ya alamu pa polo, kuti akafika aipeze, n'kutsika ndikukhala pansi n'kumadzikoka.

Chinagwa osaleka, tsiku limenelo, lotsatira, ndi linzake. Chitseko cha kontena ndinkachita kuchikankha ndi phewa, kenaka ndinkatulukira pa windo. Ndinayatsa magetsi onse a pamalopo, ndinkaliza hutala ya thirakitala mpaka batire inatha. Bwana ankaimba pa wayilesi, mawu ake atasasa, kuti msewu watsekeka, helikoputa singauluke. Zala zanga ziwiri zinayera, kenaka zinatupa matuza, kenaka zinayamba kuda. Sizinkapweteka n'komwe. Chimene chinkandipweteka chinali kapu ya alamu pa tebulo, tiyi ndi shuga zili momwemo.

Kutayera, dzuwa linatuluka lowala moti sungatsegule maso. Malo onse otsetsereka anali atadzaza mpaka m'chiuno, oyera, osalala, opanda phazi la munthu. Chipale chimene bwana anachidikira miyezi yonse ija chinali pamenepo, mlendo ndi mmodzi yemwe kulibe.

Apolisi anabwera pa helikoputa, ndipo Ntate Sello anabwera ndi amuna a m'mudzi mwake. Ndiwo anawapeza alamu. Sanagwere m'phompho. Anasochera n'kutsikira mbali ya ku Lesotho, n'kukhala pansi potsamira mwala wina. Juzi yofiira ija anaivula n'kuipinda bwinobwino pambali pawo, nsapato anaziika pamwamba pake, ngati munthu amene wafika kwawo. Dokotala amene anandidula zala anandiuza kuti zimatero, munthu akazizidwa mpaka pamapeto thupi limamunamiza kuti kukutentha. Foni yawo inali m'thumba, itazima. Ngati anakwanitsa kuimba kapena ayi, palibe anadziwa.

Amalawi anzathu a ku Joni anasonkhana, bwana nayenso anathandiza, ndipo nditatuluka m'chipatala ndinanyamuka ndi bokosi pa ngolo yokokedwa ndi minibasi. Njira yomwe ija imene tinadzera awiri tikuseka. Tinalowa mu Mchinji mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili kobo, nyenje zikulira.

Maliro anayenda monga mwa nthawi zonse. Naphiri analira atandigwira malaya. Koma adzukulu atatuluka m'nyumba mosambitsira, ndinaona akunong'onezana ndi a Damiano, ndipo kuyambira pamenepo amuna amene ndinakhala nawo pabenchi anayamba kusuntha mmodzimmodzi.

Tsiku lometa, abale atasonkhana pansi pa mtengo wa mango, a Damiano anandiitana pakati. Tsopano mwini mbumba anali iwo.

"Alamu, tatiuzani bwinobwino. Mukuti achimwene anafa ndi chisanu?"

"Inde."

"Mwezi uti?"

"Sepitembala."

Anthu anayang'anana. Aliyense thukuta linali chuchuchu.

"Ku Joni anthu a pamudzi pano apitako ambiri," anatero a Damiano. "Sepitembala kumatentha. Ndiponso inu nomwe munkauza achemwali, akazi anuwa, pa foni kuti chaka chino chisanu chakana, ntchito yatsekedwa. Ndiye chakana miyezi yozizira, n'kudzavomera mwezi wotentha?"

Ndinayesa kufotokoza za mphepo yoduka kwa anzake, za nyanja ya kummawa. M'kamwa mwanga momwe zinkamveka ngati nthano. Ndinawaonetsa zithunzi za chipale pa foni yanga. A Damiano anati chithunzi sichinena mwezi.

"Ndipo mukuti munawapeza atavula juzi ndi nsapato. Munthu wozizidwa amavula?"

"Adokotala anati zimatero."

"Nanga msoko umene adzukulu auona, kuchokera pakhosi mpaka pamchombo?"

"Ndi achipatala. Apolisi analamula kuti aone chimene chawapha."

"Anachotsamo chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa." Anatembenukira kwa anthu. "Phiri lonse anali awiri. Mmodzi wabwera m'bokosi atang'ambidwa. Mnzake wabwera zala ziwiri palibe, nyumba yake ikuwala malata."

Mawu oti kukhwima sanawatchule, koma aliyense anawamva. Ndinayang'ana kumene kunakhala amayi. Naphiri anali atazolika. A Esinati anali atafunda chitenje kumutu mpaka kumaso, osagwedezeka ngati chitsa.

Sanandithamangitse. Kukanakhala bwino akanatero. Anangosiya kundiona. Ana akamasewera pafupi ndi nyumba yanga amayi awo ankawaitana. Ndikafika pa bawo masewera ankatha. Kutchalitchi benchi yanga inali yaikulu. Naphiri ankandiphikira, ankandichapira, koma mphasa yake anaisamutsira kuchipinda cha ana. Kapu yanga anaichotsa pa zinzake n'kumaiika payokha pawindo. Tsiku lina ndinamufunsa.

"Iwenso ukukhulupirira zimenezi?"

"Ine sindinapiteko kumeneko," anayankha. "Ndingodziwa kuti munapita awiri."

Ndinaganiza zobwerera ku esiteti, kapena kwathu kumene ndinabadwira, koma kuchoka kukanakhala kuvomera.

Mvula itagwa, tsiku lina m'mawa ndinali ndekha kumunda ndikubzala mtedza. Nditaweramuka ndinaona a Esinati ataima kumapeto kwa mzere, khasu lili paphewa. Chiyambire maliro anali asanandilankhulepo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira. Akachita mantha Chinyanja cha kwawo chinkatuluka.

"Achimwene, nifuna kukamba naimwe."

"Lankhulani, achemwali."

Anakhala pansi pamzere, m'dothi lonyowa momwemo.

"Anaimba tsiku lija," anatero. "Foni inalowa."

Mbewu zimene zinali m'dzanja langa zinatayika.

"Tinayamba bwino. Kenaka anati, 'Mayi, chinthu chija chayamba kugwa, ndisiye nditsike, ndiimbanso.' Ine ndinali nditatopa, achimwene. M'mawa womwewo a Damiano anali atazula tomato wanga. Ndinati, 'Nthawi zonse nkhani ya dimba ikafika mumapeza chothawira. Mukadula foni imeneyi, mudzandipeza kwathu ndi ana.' Ndiye sanadule. Anakhala chete n'kumandimvera. Ine ndinalankhula, ndinalankhula, zonse za zaka zonsezi. Mphepo ndinkaimva, koma ndinkati ndi netiweki."

Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Kenaka anati, 'Tamvera. Alamu akundiitana, akuliza chitsulo.' Anaika foni kumphepo. Ndinachimva, achimwene. Chinkamveka kutali, ngo, ngo, ngo. Anati, 'Koma sindikudziwa kumene chikuchokera, chikumveka mbali zonse.' Anaseka pang'ono. Foni n'kuzima."

Ndinakhala pansi nanenso. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti ndinkamenya polo lija pachabe, kuti alamu anafa akuganiza kuti mlamu wawo ali m'kontena akumwa tiyi.

"Pansi pa mango paja ndinafuna kulankhula," anatero a Esinati. "Pakamwa panakana. Sindigona. Mukandiuza kuti ndikanene, ndikanena lero lomwe."

Ndinawayang'ana. Ndinaona mmene zikanayendera. Mkamwini wokhwima akanaiwalika tsiku lomwelo, m'malo mwake pakanakhala mkazi wachitengwa, mlendo wa ku Zambia, amene anagwira mwamuna wake pa foni mpaka kufa chifukwa cha tomato. A Damiano sakanafunikanso khasu. Mayiyu akanawoloka malire ndi kathumba, ndipo ana a a Fabiano akanatsala opanda mayi kapena kupita opanda munda. Ndinafuna ndithu kuti dzina langa liyere. Ndinafuna kuti Naphiri amve za chitsulo chija kuchokera pakamwa pa munthu wina. Koma Naphiri ndi mlongo wawo wa malemu, ndipo chimene wamva Naphiri m'mawa, madzulo chafika kwa a Damiano.

"Inu simunagwetse chipale, achemwali," ndinatero. "Simunkadziwa n'komwe kuti n'chiyani. Musanene."

"Nanga inu?"

"Ine ndamva zimene ndimafuna kumva. Pitani, anthu angatione."

Anadzuka, anasasa dothi pa chitenje, n'kumapita osacheuka. Ine ndinatola mtedza wanga m'dothi mmodzimmodzi.

Tsiku lomwelo chakumasana, dzuwa lili paliwombo, anthu atabwerako kuminda ali m'makonde mwawo, ndinaona a Esinati akudutsa pabwalo kulunjika kunyumba kwanga. Mudzi wonse unasiya zimene unkachita. Anafika, anagwada pang'ono, n'kukhala pakhonde pafupi nane.

"Achimwene, ndipatseniko madzi akumwa," anatero mokweza, kuti amve ndi a kutsidya kwa bwalo.

Naphiri anatuluka ndi kapu ya alendo. A Esinati anapukusa mutu, n'kuloza pawindo.

"Iyo."

Naphiri anaima kanthawi. Kenaka anatenga kapu yanga, anatunga madzi mumtsuko, n'kuwapatsa. Mkazi wa munthu amene amati ndinamupha anamwa madzi onse pang'onopang'ono, mudzi ukuonerera, anathokoza, n'kumapita. A Damiano anali ataima pakhomo pawo, manja kumbuyo.

"Anakuuzani chiyani kumunda?" anafunsa Naphiri motsitsa mawu. Ndiye kuti wina anationa.

"Amafunsa mbewu ya mtedza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Amandidziwa ndikamanama. Koma sanafunsenso. Anatsuka kapu ija, n'kukaiika pathandala pamodzi ndi zinzake.

A Damiano mpaka lero sandipatsa moni, ndipo alipo amayi amene amaitanabe ana awo ndikamadutsa. Dimba lija akulima ndi a Esinati. Chaka chino abzala anyezi.